Lekani kubisa tsankho la alakatuli a ku Nashville

Inu achinyamata amene mukuphunzira ndakatulo za ku America, pamodzi ndi aphunzitsi anu, lekani chizolowezi choikira kumbuyo alakatuli achizungu atsankho pomangonena kuti zinali za nthawi imeneyo. Kuyankhula kotero ndi ulesi, ndipo kumanyoza anthu akuda amene anamva ululu wa tsankholo.

Ukapolo unathetsedwa ku America mu 1865, ndipo mu 1866 sukulu ya Fisk inatsegulidwa mumzinda wa Nashville kuti iphunzitse anthu omwe anali atangomasulidwa kumene. Mumzinda womwewo, pa yunivesite ya azungu ya Vanderbilt, munakula gulu la alakatuli achizungu John Crowe Ransom, Allen Tate, Donald Davidson ndi Robert Penn Warren, limene linkatulutsa magazini ya The Fugitive kuyambira 1922 mpaka 1925. Mu 1930 anayiwa anali m'gulu la anthu 12 amene analemba buku la I'll Take My Stand, lotamanda moyo wakale wa kum'mwera kwa America, moyo umene unamangidwa pa thukuta la akapolo. M'bukumo Warren anaikira kumbuyo zoti akuda ndi azungu azikhala mosiyana.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha mu 1932. Mlakatuli wakuda Langston Hughes atafika ku Nashville, kunakonzedwa phwando lomulandira pamodzi ndi mlakatuli wina wakuda James Weldon Johnson, amene ankaphunzitsa pa Fisk, koma Tate anakana kupitako chifukwa sanafune kucheza ndi anthu akuda m'nyumba imodzi kum'mwerako. Awa sanali alendo kwa iye pa ntchito, anali alakatuli anzake, ndipo iye ankadziwa bwino kuti ndi ndani.

Luso la anthuwa sindikulikana, ndipo sindikunena kuti musawawerenge, koma mukamaphunzitsa ana ndakatulo zawo muziwauzanso izi. Musanamizire nyengo, poti anthu a m'gulu limodzi anasankha njira zosiyana. Warren anadzatembenuka mtima, nayenda ndi makina ojambulira mawu kukamvetsera atsogoleri omenyera ufulu wa anthu akuda monga Martin Luther King ndi Malcolm X, ndipo mu 1965 anatulutsa buku la Who Speaks for the Negro? Davidson, khoti lalikulu litagamula mu 1954 kuti kulekanitsa ana m'sukulu potengera khungu n'kosaloledwa, anatsogolera bungwe lolimbana ndi chigamulocho m'chigawo cha Tennessee, momwe muli mzinda wa Nashville.