Yobu nayenso sanauzidwe chifukwa

Alembi mwanena zoona kuti pali mafunso ena Mulungu sayankha, koma ine chimandiwawa ndi anthu akutchalitchi amene amathamangira kumuyankhira. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 matope atatsika phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe, ena anayamba kale kulalikira kuti ndi chilango cha machimo, aaa tiana tija tinachimwa chani? Amenewotu ndi anzake a Yobu enieni, Elifazi ndi gulu lake, ndipo pa chaputala 42 Mulungu anawapsera mtima kuti sananene zoona za Iye. Komanso taonani pa chaputala 38, Yehova atayankhula m'kamvuluvulu sanamuuze Yobu chomwe ana ake 10 anafera ayi, anangomufunsa kuti unali kuti ndikuika maziko a dziko. Ife owerenga ndi amene timadziwa za Satana uja kuti Mulungu anamulola kumuyesa Yobu, mwiniwake sanauzidwe olo pang'ono. Nde abusa chonde pamaliro musamaletse anamfedwa kufunsa, Yesu amene pamtanda anafuula kuti Mulungu wanga mwandisiyiranji. Gonani nawo pasiwa, imbani nawo, zofotokozazo zisiyeni kaye.