Makina otchipa a ukalipentala amakwanira, bola udziwe poumira ndi pomasula dzanja

Pali mawu amene ndatopa nawo. Munthu ukangonena kuti ukufuna kugula dirilo kapena sowo yamagetsi yoti uzikhomera timashelefu kunyumba, pamatulukira wina n'kunena kuti, "Achimwene, ngati si Makita kapena Bosch, musataye ndalama zanu." Ukafufuza bwino, mwini mawuyo alibe ngakhale hamala m'nyumba mwake. Msomali ukazuka pampando amakhomera ndi mwala.

Ine si kalipentala. Ndimagwira ntchito ya mu ofesi, matabwa ndimawagwira Loweruka pakhonde la kuseri. Ndapanga tebulo lodyera, mabedi awiri a ana, khola la nkhuku ndi mashelefu amene mayi akunyumba anasiya kuwawerenga. Zonsezi ndapanga ndi makina a mtengo wotsika, aja a ku China amene adzaza m'mahadiweya ku Malangalanga ndi ku Limbe, a mtundu wa Ingco, Total ndi anzawo. Ndiye ndikamati amakwanira, ndikunena zomwe manja anga agwira.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Makina odula mtengo, ndalama zambiri umalipirira maola. Waya wa mu mota, mabeyaringi ndi magiya ake anapangidwa kuti azilira tsiku lonse osatopa. Mmisiri wa ku Mchesi kapena ku Ndirande amayatsa pulena m'mawa, kuzimitsa kwake n'kuthima kwa magetsi. Ameneyo akagula yotchipa wadzinamiza yekha. Nanga ine? Ngakhale nditakhala pa matabwa tsiku lonse, nthawi yomwe sowo imakhala ikuzunguliradi sipitirira theka la ola. Nthawi ina yonseyo ndimakhala ndikuyeza, kulemba ndi pensulo, kufufuta, ndi kusaka tepi yomwe ndaikhalira. Theka la ola Loweruka lililonse, pachaka ndi maola 26 okha. Wa ku Mchesi uja amawakwanitsa sabata isanathe. Ndilipirirenji mphamvu zomwe sindidzazigwiritsa ntchito? Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo munthu wodikira kuti adzagule za mayina akuluakulu akhoza kukalamba shelefu asanakhome. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Komatu pali poumira, ndiye pali pomwe ukaumira ulira.

Poyamba ndi mano. Chimene chimadula thabwa si dzina lolembedwa pambali pa makina, ndi buledi. Sowo yanga ndi ya buledi ya 185mm, ndipo yomwe inabwera m'bokosi inali ya mano 24. Imeneyo ndi yabwino pong'amba thabwa motsatira mulitali, koma ukati udule mopingasa, kapena udule pulaiwudi, m'mphepete mumatsala ngati mwalumidwa ndi makoswe. Miyezi ingapo ndinkatukwana sowo. Tsiku lomwe ndinagula buledi yabwino ya mano 40, sowo yomweyo inayamba kudula ngati yasinthidwa mtima. N'chimodzimodzi mabiti a dirilo ndi mipeni ya pulena. Mota ukhale wotchipa, koma chitsulo chokhudza thabwacho usachiumire. Mano obuntha ndi amenenso amapha mota, chifukwa umayamba kukankha ndi mphamvu, makina n'kumatentha.

Chachiwiri, manambala olembedwa pa makina otchipa musawakhulupirire. Pa sowo, pamene palembedwa 0, poti buledi yaima chilili, nthawi zambiri imakhala itapendekeka pang'ono. Zulani pulagi, tengani sikweya, yezani nokha, mangani. Ndipo osadula ndi diso lokha. Panani thabwa lowongoka pamwamba ndi makilampu kuti sowo iziyenda motsamira pamenepo. Mzere umatuluka woongoka moti mlendo sangadziwe kuti sowo yake ndi ya ndalama zingati. Sikweyayo nayo ikhale yeniyeni, chifukwa zilipo zina zokhota kuchokera m'sitolo momwe.

Tsono nkhani ya matabwa, yomwe anthu okangana za mayina a makina saitchula n'komwe. Paini wa ku Chikangawa ndi malaina ndi ofewa, makina alionse amadutsa akuimba. Mbawa ndi mlombwa zimafuna ulemu. Bulugamu wouma ndiye amafuna kumupempha. Ine pulena yanga yoyamba, ina yake yopanda dzina lodziwika, ndinaiwotcha ndekha pa bulugamu. Ndinkafulumira kuti ndimalize mvula isanagwe, ndiye ndinaitsitsa kuti izidya kwambiri ulendo umodzi. Inasintha kaliridwe, ine osamva. Kenako fungo la waya wopsa, basi zii. Nditapita nayo kwa madala ena okonza zamagetsi kumsika, anaitsegula, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, imeneyi mumapalira njanji?" Makaboni, tizidutswa tija topereka magetsi ku mota, anali bwinobwino, chomwe chinapsa ndi mota weniweniwo, ndipo sipeya yake sinapezeke paliponse. Pulena yodula mtengo mwina ikanapirira nkhanza zangazo. Koma yachiwiri, yotchipanso, ndakhala nayo nthawi yaitali chifukwa ndimaidyetsa pang'onopang'ono, ndipo ikafunda ndimaisiya ipume ine n'kukamwa tiyi.

Pa masipeya pokhapo ndikuvomera kuti a mayina akuluakulu amatiposa. Musanalipire, funsani wogulitsayo kuti akuonetseni makaboni ake, lamba wa pulena ndi mipeni yosinthira. Akayamba kukanda mutu n'kumati zikubwera mwezi wamawa, tulukani. Makina opanda sipeya ndi otaya tsiku lomwe adzakhosomole.

Ndipo matebulo ambiri amene amasweka kapena kupindika, mlandu si wa makina. Matabwa ambiri pamsika amagulitsidwa asanaume. Uwanyamule, ulemere wake ndi kuzizira kwake zikuuza. Ukapangira mipando pomwepo, pofika October mipata yatseguka yoti chala n'kulowa. Ine ndimawasanja pamthunzi, timitengo pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo izidutsa, n'kuwaiwala kwa masabata angapo. Palibe Bosch yomwe ingawongole thabwa laliwisi.

Za mabatire ndinena mwachidule. Ndi mmene magetsi amathimira, a batire amakopa, koma pa makina otchipa batireyo ndi imene imayamba kufa, ndipo ya kampani ina silowa pa makina a kampani ina. Dirilo ya 18V yomangira masikuluwu, eya. Sowo ndi pulena, gulani za chingwe. Magetsi akathima tulutsani sowo yamanja, agogo athu anamanga nayo matchalitchi.

Choipa kuposa zotchipa ndi zonamizira. Munthu akakupeza pamsewu ndi "Makita" yatsopano m'bokosi pa mtengo wofanana ndi wa zotchipa zija, dziwani kuti chenicheni pamenepo ndi penti yokha. Bola yotchipa yovomera kuti ndi yotchipa, yogula m'sitolo, ya lisiti loti ukhoza kubwerera nalo. Za kaunjika zilipo zabwino kwambiri, koma werengani kachitsulo ka pambali. Kwathu kuno magetsi ndi a 230V. Za ku America zimakhala za 120V, za ku Japan 100V, ndipo ukazilumikiza mwachindunji zimangolira kamodzi kotsanzika. Zochokera ku Joni magetsi ake ndi ofanana ndi athu, kungoti pulagi yake ndi ya mano ozungulira. Sinthani pulagiyo, osamatokosa soketi ndi kamtengo.

Pali kuumira kumodzi komwe ndimadana nako ndi mtima wanga wonse, ndipo ndakuona kangapo. Munthu alibe ndalama ya sowo, ndiye amatenga galainda, makina aja odulira ndi kupalira zitsulo, n'kuchotsa chotchinga chake, n'kumangapo buledi ya mano yodulira matabwa. Abale anga, musayerekeze. Galainda yaing'ono ya 115mm imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, pamene sowo yeniyeni imazungulira cha m'ma 5,000. Sowo ili ndi chitsulo chapansi chokhazikika pathabwa ndi chophimba mano chomwe chimabwerera chokha. Galainda ilibe zonsezi. Mano akangokodwa pa mfundo kapena pa msomali wobisika, imadumpha kubwerera kwa mwini wake, ndipo dzanja silingaithamangire. Sowo yotchipitsitsa m'tauni muno ndi yabwino kuposa zimenezo. Pogula sowoyo, kankhani chophimba manocho ndi chala muone ngati chikubwerera msanga. Chikamakakamira, isiyeni ngakhale akuchotsereni mtengo. Magalasi oteteza maso nawo mtengo wake sufika pa buledi imodzi.

Kwa mnyamata amene wangomaliza maphunziro a ukalipentala a TEVETA ndipo akufuna kudyera pomwepo, mawu anga ndi osiyana pang'ono. Yamba ndi zotchipa kuti ntchito iyambike, koma chida chomwe chiyambe kufa ndicho chakuuza kuti ndi chimene umachigwiritsa ntchito kwambiri. Pamenepo ndiye ukagule chodula mtengo, zinazo zidikire.

Chomaliza, chomwe a "gulani Makita" saganizira, ndi aneba. Kwathu kuno dirilo si ya munthu mmodzi. Ikangolira kawiri, mudzi wonse wadziwa, ndipo mawa lake kuli "odi, tibwerekeko tibowole kamodzi kokha." Kukana sungathe, ndi anthu omwe adzakunyamule ukadzadwala. Yanga yapita ku nyumba zisanu ndi imodzi, yabowola makoma a simenti ndi biti ya matabwa, yabwerako kiyi wake womangira biti atasowa, koma mtima wanga uli m'malo. Ikanakhala ya ndalama za malipiro a mwezi wathunthu, bwenzi pano tisakulankhulana ndi mzere wonse wa nyumba.

Panopa ili kwa aneba a nyumba ya geti lobiriwira, sabata yachitatu tsopano. Bambo, ndikudziwa kuti muwerenga izi. Loweruka ndili ndi kabati yoti ndimalize.