Khutu limanama likadziwiratu

A mlembi, mwanena kuti aliyense wa makutu abwino angasiyanitse FLAC (mtundu wa fayilo ya nyimbo wosataya mawu alionse) ndi MP3 (mtundu wotaya mawu ena kuti fayilo ichepe). Pamenepo ndiye ndikukana pang'ono.

MP3 ikakhala pa 128 kbps (muyeso wa kuchuluka kwa deta pa sekondi; ikachepa, mawu otayika amachuluka) inde, kusiyana kumamveka, makamaka ma cymbal amalira ngati mafuta akuthetheka pamoto. Koma pa 320 kbps? Ndinadziyesa ndi mayeso a ABX mu pulogalamu yoimbira nyimbo ya foobar2000, pomwe kompyuta imakubisira fayilo yomwe ukumvera kuti iwe unene ngati ndi FLAC kapena MP3. Pa maulendo 16 ndinalondola 9 okha, kumeneko n'kungolota basi. Chonsecho dzulo lake ndinkalumbira kuti FLAC ikumveka bwino zedi, kaamba koti ndinkaona dzina lake pa sikirini.

MP3 imataya mawu ofooka amene aphimbidwa ndi ena amphamvu, oti khutu silikanawamva n'komwe. Ndiponso ife opyola zaka 40, ambiri tinatsanzikana kalekale ndi mawu opyapyala kwambiri, a pamwamba pa 16 kHz.

Chinanso, mahedifoni ambiri a Bluetooth amalandira nyimbo itafinyidwanso ndi SBC kapena AAC, njira zomwenso zimataya mawu ena ngati MP3. Nanga FLAC yanu ija yafika m'khutu ili yonse?

Ine ndimasungabe FLAC, chifukwa ndikafuna kupanga MP3 kapena AAC ndimayambira pa nyimbo yosatayika kanthu.