Musanathamangitse mayi wa mandasi pageti, mwana mwamupatsa chiyani?

Dzulo pagulu lathu la WhatsApp la amayi a Chimalawi okhala kuno ku Joni tinakangana mpaka foni kutentha. Anayambitsa ndi mnzathu wina amene anafunsa ngati boma lili ndi mphamvu youza makolo zoti mwana adye kusukulu. Ena anati mwana ndi wanga, ndalama ndi yanga, boma lisandilowerere m'khitchini. Ena anati aletse zonse zogulitsa pageti, ana atha. Ine ndinangowerenga osayankha, chifukwa zimene ndinali nazo mumtima sizikanakwana m'mizere iwiri. Ndiye ndati ndilembe pano, amene akufuna kunditsutsa anditsutse atamva zonse.

Ndiyambe ndaulula mbali imene ndikuchokera. Ine ndinaphunzira ndi ndalama ya zitumbuwa. Amayi anga ankadzuka tambala woyamba asanalire, kusinja nthochi zakupsa mumtondo, kusakaniza ndi mgaiwa, kukazinga ndi nyali ya koloboyi pambali. Pofika nthawi ya buleki anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango kunja kwa sukulu, beseni ataliphimba ndi kansalu koyera kamene ankachapa tsiku ndi tsiku. Nthawi ya mbatata ankaphika mbatata, nthawi ya chimanga chachiwisi ankawotcha mondokwa. Fizi yanga ya kusekondale, yunifolomu, ngakhale thiransipoti imene ndinabwerera kuno, zonse zili ndi fungo la mafuta a zitumbuwa. Choncho munthu akamanena za "mavenda a pasukulu" ngati akunena za ntchentche, dziwani kuti akunena mayi anga.

Komabe sindili kumbali ya amene akuti boma lisalowerere. Ayi ndithu. Amene munali kuno mu Okutobala 2024 mukukumbukira za ku Naledi, ku Soweto. Ana asanu ndi mmodzi anamwalira atadya tinthu togula pa spaza, timashopu ta m'makomboni a kuno. Ana oti m'mawa anadzuka bwinobwino. Nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi inadzalengeza kuti chinawapha ndi terbufos, mankhwala ophera tizilombo m'minda amene anthu m'makomboni amagula mobisa kuti aphere makoswe, monga mmene ife kumudzi timachitira ndi tameki. Pamene Pulezidenti Cyril Ramaphosa ankalankhula ku mtundu wake pa 15 Novembala, anati kuchokera mu Seputembala panali patachitika ngozi 890 za matenda obwera ndi chakudya, ndipo ana osachepera 22 anali atafa. Mwana wanga wamkazi anali Giredi 4 nthawi imeneyo. Usiku umenewo ndinakhuthula chikwama chake chonse pabedi, ndinapezamo mapepala atatu a tchipisi, ndipo ndinalira ndili ndekha.

Ndiye ndiuzeni, inu amene mukuti mwana ndi wanga: poizoni mumamuona ndi maso? Mayi angathe kununkhiza ndiwo n'kudziwa kuti zasasa, koma sangadziwe ngati paketi yotseka inagona pambali pa mankhwala a makoswe. Sangadziwe kuti utoto wofiira umene watsala palilime la mwana wapangidwa ndi chiyani. Zimenezi zimafuna anthu oyeza, zimafuna labotale, zimafuna lamulo ndi munthu woliyendetsa. N'chifukwa chake timapereka msonkho. Ndipotu boma linalowa kale m'khitchini mwathu, ife osadandaula. Mchere umene timagula ku Malawi amauthira ayodini mwalamulo, shuga ndi mafuta ophikira amaikamo vitamini A. Ndani anadandaulapo kuti amulanda ufulu? Masacheti a mowa aja atafika poti ana a pulayimale akuwabisa m'matumba a kabudula, tonse tinakuwa kuti boma lili kuti, ndipo litawaletsa tinaombera m'manja. Wolira mvula walira matope. Ngati tikufuna kuti boma liteteze ana, tivomere kuti nthawi zina lidzatiuza zimene sitikufuna kumva.

Vuto langa lili pa mmene boma limasankhira woti limugwire pakhosi.

Patangopita masabata ochepa chichitikireni za ku Naledi, dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng, chigawo chimene muli Joni, inaimitsa kugulitsa zakudya m'masukulu ndi m'mbali mwa masukulu. Pasukulu ya mwana wanga, imene sindiitchula, panali agogo ena amene ankagulitsa magwinya, mandasi akuno aja, pamodzi ndi maapozi ndi nthochi. Ana onse ankangowatchula kuti Gogo. Ankadziwa mwana aliyense ndi dzina, ankadziwanso amene wabwera osadya, ndipo ndinawaonapo akupatsa kamnyamata kena gwinya ulere n'kukauza kuti kathamangire m'kalasi. Lolemba lotsatira chiletsocho ndinawapeza ataima tsidya la msewu, chidebe chili pamutu chodzaza, sanachitule n'komwe. Ndinawapatsa moni. Anangoti, "Mwanangu, ndakanda ufa usiku wonse." Anali akulera zidzukulu zitatu.

Nanga ana anasiya kugula? Anasiya kuti? Ndalama ija makolo ankawapatsabe. Poweruka ankathamangira ku spaza ya kutali, kuwoloka msewu wa mataxi, kukagula tchipisi tomwe tija ta m'mapaketi. Chimene chinachoka pageti ndi nthochi ndi gwinya wotentha wa munthu amene tinkamudziwa nkhope ndi nyumba yomwe.

Ndipo tamvani zimene Ramaphosa yemweyo ananena tsiku lija. Anati oyeza anatenga zinthu m'ma spaza 84 a ku Naledi, ndipo atatu okha ndiwo anapezeka ndi zizindikiro za terbufos. Anati gwero la vutoli ndi makoswe amene aswana chifukwa makhonsolo sakuchotsa zinyalala, anthu n'kumagula poizoni wotchipa wa m'misewu. Anatinso panalibe umboni woti pali anthu akupha ana mwadala, kapena woti vutoli lili m'mashopu a anthu obwera okha. Koma andale ena sanafune kumva zimenezo. Kwa iwo nkhani inali yokoma kale: alendo akupha ana athu. Amene tinali kuno tikudziwa mmene tinkayendera masiku amenewo, kulankhula Chichewa monong'ona m'taxi, abale athu ogwira ntchito m'mashopu kugona ndi nsapato kumapazi. Eni spaza anapatsidwa masiku 21 kuti alembetse, kenako anawonjezera mpaka kumapeto kwa Febuluwale 2025. Gogo anathamangitsidwa m'mawa umodzi. Koma mankhwala enieni amene anapha ana, nduna zinadzavomereza kuwaletsa mu Juni 2025. Werengani nokha miyezi. Wofooka amamva lamulo tsiku lomwelo, wamphamvu amayamba waitanidwa kumsonkhano.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kuyamikira dziko lino, ndipo ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Masabata amene pageti panalibe kanthu, mwana wanga sanakhale ndi njala. Sukulu yake imaphika. Tsiku lina chimanga chokonola ndi nyemba, tsiku lina nsima ndi nsomba za m'chitini, tsiku lina mpunga ndi soya, kabichi pambali. Si chakudya cha paukwati, ndipo nthawi zina amabwera akudandaula kuti nyemba sizinapse, koma ndi chakudya, ndipo ndalama yake imachokera mu bajeti ya boma. Ndondomekoyi inayamba mu 1994 ndi Nelson Mandela, ndipo lero imadyetsa ana oposa 9 miliyoni. Boma limene likudyetsa mwana lili ndi pakamwa ponenera kuti ichi usadye.

Chaka chomwecho cha 1994 kwathu Bakili Muluzi anachotsa fizi kupulayimale, ana n'kukhamukira kusukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chinali chinthu chachikulu, ine ndine mmodzi mwa amene anapindula. Koma tinatsegula chitseko cha kalasi osakoleza moto kukhitchini. Mpaka lero phala limene ana ambiri amamwa kusukulu ndi la abwenzi akufuna kwabwino. World Food Programme inayamba kudyetsa ana m'masukulu a ku Malawi mu 1999. Mary's Meals inayambira kwathu konko mu 2002 ndi ana 200, ndipo pano ikudyetsa ana oposa miliyoni m'Malawi mokha. Mulungu awadalitse. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku limene opereka atopa, kapena ndale za kwawo zasintha monga taonera ndi thandizo lina posachedwapa, ana athu adzamwa chiyani?

Mng'ono wanga kumudzi ndi mmodzi mwa amayi ophika phala mongodzipereka. Tsiku lake likafika amadzuka mdima ulipo, mwana kumsana, mtolo wa nkhuni pamutu. Amatakasa Likuni phala mu mphika waukulu ndi mthiko wautali ngati mpini wa khasu, utsi uli m'maso, salandira kanthu. Amandiuza kuti ana amafika atamangirira kapu ya pulasitiki pachingwe m'khosi kuti isasowe, ndipo ena amamwa theka, theka n'kubisa kuti akapatse wamng'ono kunyumba. Amati ufa ukachedwa kubwera sabata imodzi, makalasi a Sitandade 1 ndi 2 amachita kuoneka pansi. Sukulu ya kutsidya kwa mtsinje ilibe phala, ndiye ana a kumeneko amawoloka kubwera kuno, ngakhale nthawi ya dzinja madzi atadzaza. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akuika moyo pachiswe chifukwa cha kapu imodzi ya phala. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu, 37 ndi opinimbira. Kupinimbira kumayamba mwana asanafike n'kusukulu komwe, n'chifukwa chake ndimati tiziyambira kusukulu za mkombaphala. Dzina lokhalo likutiuza chimene chimayenera kupezekako.

Ndiye mukumbukire nthawi ya kolera, kumayambiriro kwa 2023, pamene masukulu a ku Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulidwa ndipo boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'masukulu. Sindikutsutsa, anthu ankafa, panafunika kuchitapo kanthu msanga. Koma pasukulu yopanda phala, mbatata yophika ya pageti ndiyo inali kadzutsa ndi nkhomaliro ya mwana. Anailetsa, chabwino. Anaikapo chiyani? Mjigo wakufa pasukulupo anaukonza? Zimbudzi anakumba?

Mkangano umenewu si wathu tokha. Ku England, Jamie Oliver, katswiri wophika wa pa TV, atachititsa manyazi boma mu 2005 chifukwa cha zakudya za m'masukulu, malamulo anasintha, ndipo chaka chotsatira ku Rotherham amayi ena anajambulidwa akupatsira ana tchipisi kudzera pampanda. Ku America, lamulo la 2010 la zakudya za m'masukulu limene Michelle Obama analimbikira linasanduka bwalo la nkhondo ya zipani, ndipo mu 2011 aphungu a kumeneko anateteza zoti tomato wopaka pa pizza aziwerengedwabe ngati ndiwo zamasamba, makampani atawakakamiza. Koma amenewo amakangana kuti m'mbale muikidwe chiyani. Ife mbaleyo tilibe. Dziko limene ine ndimalisirira ndi Brazil, limene mu 2009 linaika lamulo loti ndalama zosachepera 30 pa 100 za chakudya cha m'masukulu zizigula kwa alimi ang'onoang'ono. Taganizani zimenezo ku Mchinji kapena ku Kasungu, kumene mlimi amagulitsa soya ndi mtedza kwa mavenda pamtengo wolira nawo, pamene mwana wake yemwe akukomoka ndi njala pa asembule. M'masukulu ena kwathu zogula kwa alimi a m'deralo zinayambika kale mothandizidwa ndi mabungwe. Chikusowa ndi lamulo ndi ndalama yathuyathu, yoti isamadalire kuti chaka chino kuli chisankho kapena ayi.

Ndiye kwa anzanga a pagulu paja, yankho langa ndi ili. Boma lilowerere, ndipo lilowerere kwambiri kuposa pano. Koma liyambe ndi mphika. Kenako lipite kufakitale, kumagolosale aakulu ndi kuzipata za dziko, kumene tizakudya ta utoto topanda deti timalowera, a Malawi Bureau of Standards akhale ndi anthu ndi galimoto zokafikira kumeneko. Likafika pageti la sukulu, lifike ndi mlangizi wa zaumoyo, osati ndi chibonga. Amayiwo alembedwe maina kwaulere, aphunzitsidwe, apatsidwe pokhala pamthunzi ndi madzi osamba m'manja, auzidwe kuti chinangwa, mtedza, nthochi, chigumu gulitsani, koma mafirizesi a madzi osadziwika kochokera ayi. Mayi anga akanamvera lamulo lotere ndi mtima wonse, chifukwa nafenso ana awo tinkadya za m'beseni lomwelo.

Nafenso makolo tisadzipatule. Ine ndemwe ndinkapatsa mwana ndalama m'mawa chifukwa chothamangira ntchito, osafunsa kuti wagula chiyani. Pano ndimawiritsa dzira usiku, kapena kukazinga mtedza Lamlungu wokwana sabata yonse.

Chiletso cha ku Gauteng chija anadzachichotsa, n'kunena kuti wogulitsa aliyense akhale ndi chiphaso. Gogo anabwerera masukulu atatsegulira mu Januwale, pepala lawo analikuta ndi pulasitiki n'kulipachika patebulo ndi waya. Anandiuza kuti anayenda maulendo anayi kuofesi asanalipeze. Amayi ena awiri amene ankakhala nawo pamenepo sanabwererenso. Mulu wa zinyalala umene uli kuseri kwa mpanda wa sukuluyo ulipobe, ndadutsapo m'mawa uno.