Pamanda si pochitira chibwana, kaya ndi manda a ndani

Ndilembe pompano mkwiyo usanazizire. Muja ndinakuuzani ndalowa nawo gulu la anthu oyenda ndi makalavani, aliyense galimoto yake ikukoka kanyumba kumbuyo, tikutsata njira imene a Cherokee, mtundu wina wa eni nthaka a ku America, anadutsa atathamangitsidwa kwawo ndi boma la dzikolo, ija amati Trail of Tears, Njira ya Misozi. Tinanyamukira ku Cherokee, North Carolina, tikathera ku Tahlequah ku Oklahoma. Dzulo tinaima ku Hopkinsville, Kentucky. Pamalopo anthu aja ankagonapo ali pa ulendo ndipo pali manda a akuluakulu awo awiri, Whitepath ndi Fly Smith, amene anafera panjira pomwepo osafika komwe amapita.

Ndiye bambo wina wa mgulu mwathu, munthu wa imvi zake, wazidzukulu, akutsegula kalavani yake nkutulutsa chisoti cha nthenga za pulasitiki chomwe anagula mu kashopu ka zikumbutso, kuvala, kukaima pambali penipeni pa manda, dzanja pakamwa akukuwa wuwuwu ngati za mufilimu, mkazi wake ali kalikiliki ndi foni kujambula, ena atatu akuseka mpaka kugwira m'mimba. Pamanda abale anga. PAMANDA.

Ine thupi lonse linachita tsemwe. Kwathu ukaona masamba aikidwa pamsewu umatsika njinga, chipewa umavula, wailesi umatsitsa, ngakhale womwalirayo sukumudziwa ndi dzina lomwe. Mwana akaloza chala kumanda amamukalipira. Nde munthu wamkulu kumavina pamutu pa anthu amene anafa ndi chisanu ndi matenda akuwakusa ngati ng'ombe?

Ndinapita, mwaulemu ndithu, ndikuti bambo apatu pagona anthu. Iwo kundiyang'ana ngati ndine wamisala, ati tikungosangalala, izi ndi zakalekale. Zakale? 1838 ndi 1839 ndi dzana lomweli. Anthu pafupifupi 16,000 anawachotsa m'nyumba zawo ndi asilikali, ndipo akuti pafupifupi 4,000 anafa, ena m'misasa momwe anawatsekera, ena panjira. Zifukwa zake nzodziwika, golide amene anapezeka m'dera lawo ku Dahlonega, minda ya thonje, lamulo la 1830 la pulezidenti Andrew Jackson losamutsa eni nthaka ndi kapangano kopereka malo awo ka 1835 ka ku New Echota, likulu lawo, komwe anasaina anthu ochepa pomwe mfumu yawo John Ross ndi unyinji ankakana. Koma zifukwazo tizisiye. Ine ndikunena ulemu. Pamene pagona munthu pamafunika ulemu basi.

Chikundiwawa kwambiri nchoti bambo yemweyu tinali naye ku Blythe Ferry ku Tennessee masiku awiri apitawo, pomwe pali makoma amiyala olembedwa mayina a eni mabanja amene anawerengedwa asanawasamutse. Mayina mbwee, ukawerenga mpaka maso kuchita chidima. Ine ndinayendetsa chala pamwala paja, mwala wozizira, dzina ili, dzina ili, ndikuganiza kuti dzina lililonse kumbuyo kwake kuli mayi, ana, agogo. Iye anaona zomwezo. Anawerenga zomwezo. Nde zinalowera khutu ili nkutulukira linali?

Komanso chisoti chakecho si cha a Cherokee nkomwe. Nthenga zazitali zija ndi za mitundu ya kuzigwa monga a Lakota, ndipo kumeneko sachivala aliyense, munthu amachita kupatsidwa chifukwa cha zomwe wachita. Taonani chithunzi cha Sequoyah, amene anapanga zilembo za chinenero cha a Cherokee mu 1821, kumutu kwake kuli nduwira. Anthu awa pofika 1828 anali ndi nyuzipepala yawoyawo, Cherokee Phoenix, yosindikizidwa m'chinenero chawo. Nde iwe kubwera ndi nthenga za pulasitiki nkumati wuwuwu. Manyazi bwanji.

Ndipo eni ake alipo, sanathe ayi. Chaka ndi chaka achinyamata awo amapalasa njinga kuchoka ku New Echota mpaka ku Tahlequah, mtunda wa mamailosi pafupifupi 950, kukumbukira makolo awo. Tangoganizani mmodzi wa iwo afike pamanda paja wathukuta lake, apeze mdala wavala nthenga akukuwa. Ife tikuyenda njira yomweyo tili pa mpando wofewa, firiji kumbuyo, bedi, shawa yotentha, awo anayenda wapansi nyengo yachisanu choopsa atabereka ana. Mlendo ndi mame. Ife tinali mame chabe pamalo paja, mphindi zingapo tapita, eni malo ndi amene agona pansiwo.

Musandiuze zoti sanadziwe. Chikwangwani chilipo, manda akuoneka, amene sadziwa kuti manda ndi chani ndi ndani? Ndipo amene ankaseka aja ndi amene anangoti zii kuyang'ana kumbali onse ndi amodzi kwa ine.

Nanji pulogalamu ya ulendowu nayo. Pamanda anatipatsa mphindi 20, ati tichedwa kukapeza malo oimika makalavani, koma pamashopu tinakhalapo maola atatu athunthu anthu akusankha makapu ndi matisheti. Usiku bambo yemwe uja jenereta yake kulira mpaka 11 koloko pafupi ndi windo langa, ati akuonera mpira.