Mzukwa wake unali dzungu, koma ine tulo sindinatione

Anzanga, ndiulule kanthu kamene ena mundiseka nako. Sabata yathayi magetsi atazima ndinatenga kabuku kakale kamene ndinagula pa kaunjika wa mabuku ku Limbe, chikuto chothetheka, masamba ena odyedwa ndi njenjete, n'kuyamba kuwerenga ndi tochi ya foni. M'menemo muli nthano za mizukwa zimene analemba anthu a ku America kalekale, zina zaka 200 zapitazo. Ndine bambo wa ana atatu, koma chitseko cha kukhitchini chitalira ndi mphepo ndinadzidzimuka mpaka foni kugwera pansi. Mayi a kunyumba anaseka mpaka misozi.

Mafilimu oopsa a masiku ano sandigwira mtima. Magazi paliponse, kukuwa, nkhope zonyansa zotulukira mwadzidzidzi, koma ukangozimitsa TV waiwala. Zakalezi zimakutsatira mpaka pogona. Ine ndikuona kuti mphamvu yake siili mwa mzukwawo. Kumbuyo kwa mzukwa uliwonse kwabisala munthu wamoyo wa nsanje, wa mlandu kapena wa ngongole, ndipo alembi amenewa ankadziwa kuti woopsa weniweni ndi ameneyo.

Tiyambe ndi Washington Irving, amene anabadwira ku New York mu 1783. Nthano yake ya The Legend of Sleepy Hollow inatuluka mu 1820, ndipo chodabwitsa n'chakuti anailemba ali kutali, ku England. Nkhani yake ikuchitikira m'kachigwa ka zii pafupi ndi mtsinje wa Hudson, kumene kunkakhala alimi ochokera ku mtundu wa Adatchi. Kumeneko anthu ankakhulupirira kuti usiku kumayenda munthu wopanda mutu atakwera kavalo. Amati anali msilikali wa ku Germany, mmodzi mwa aja dziko la Britain linawalemba ganyu pa nkhondo yomenyera ufulu wa America, ndipo mutu wake unapita ndi chipolopolo cha mzinga. Ndiye usiku uliwonse amadzuka kumanda a pa tchalitchi kukausakasaka.

Tsono mmudzimo munabwera mphunzitsi, Ichabod Crane, mlendo wochokera ku Connecticut, wamtali, wowonda ngati bango koma wadyera kwabasi. Malipiro ake anali ochepa, choncho ankagona ndi kudya m'makomo a makolo a ana ake a sukulu, sabata ino uku, yamawa uko. Ankakondanso kuwerenga za ufiti ndi kumvera nthano za amayi achikulire pamoto, kenako pobwerera usiku n'kumaopa chitsa chilichonse. Maso ake anagwera pa Katrina Van Tassel, mwana yekhayo wa mlimi wolemera. Koma Irving sabisa: aphunzitsiwa akayang'ana nkhumba, atsekwe ndi nkhuku za apongozi awo a m'maloto, ankaziona zili kale m'mbale. Chikondi chinalipo mwina, koma chachikulu chinali munda. Ndipo mmudzimo munali kale mnyamata wina wadzitho, Brom Bones, katswiri pa kavalo, amene ankamufunanso Katrina.

Usiku wina kutatha phwando kwa Van Tassel, Ichabod akubwerera pa kavalo wobwereka, wokalamba, wa diso limodzi, anangoona chinthu chakuda chikumutsatira. Atachewuka anaona kuti mutu wa wokwerayo suli pakhosi, uli patsogolo pa chishalo. Liwiro linayambika kuloza ku mlatho wa pafupi ndi tchalitchi, poti amati mzukwawo suoloka pamenepo. Ichabod anaolokadi, koma chinthucho chinanyamula mutu uja n'kumugenda nawo. Mmawa anthu anapeza chipewa chake, pambali pake pali dzungu lophwanyika. Munthuyo sanaonekenso mmudzimo. Brom anakwatira Katrina, ndipo wina akangotchula za dzungu iye ankaphulika ndi phwete.

Mwaionatu? Irving sanena poyera kuti anali Brom. Amakusiyira dzungu basi, iwe uganize wekha. Amayi achikulire a mmudzimo anapitiriza kunena kuti mphunzitsi anatengedwa ndi mzukwa, pamene mlimi wina anabwera ndi uthenga wakuti munthuyo ali moyo kwina, anaphunzira zamalamulo. Ine chimene chimandikomera n'chakuti ngakhale ukudziwa kuti ndi dzungu, pa liwiro lija mtima umagundabe. Mantha a Ichabod anali enieni, ndipo amene anamuthamangitsa anangogwiritsa ntchito zimene mphunzitsiyo anadzaza yekha m'mutu mwake. Kunena zoona, nthanoyi inakula mpaka kumeza malo ake: mu 1996 anthu a tauni ya North Tarrytown anasintha dzina kukhala Sleepy Hollow, ndipo Irving mwiniwake, amene anamwalira mu 1859, anaikidwa m'manda a komweko.

Irving amakuseketsa. Nathaniel Hawthorne saseka. Iyeyu anabadwira ku Salem mu 1804, tauni imene mu 1692 munachitika milandu ya ufiti yotchuka ija. Zinayamba ndi atsikana ang'onoang'ono a m'nyumba ya m'busa amene anayamba kugwa ndi kuloza anthu chala kuti akuwalodza. Khoti linkalandira umboni wakuti mzimu wa uje unandibwerera usiku. Anthu 19 ananyongedwa, ndipo bambo wina wokalamba, Giles Corey, anamusanjikiza miyala mpaka kufa chifukwa chokana kuyankha mlandu. Mmodzi mwa oweruza anali John Hathorne, agogo awo a agogo ake a mlembiyu. Hawthorne anakula ndi manyazi a dzina limenelo, ndipo anawonjezeramo chilembo cha w.

Pamenepa ndinaika buku pansi kaye. Ifenso kwathu kuno timamva za agogo amene amenyedwa kapena kuwotcheredwa nyumba chifukwa mwana wanena kuti amamutenga usiku kukamuphunzitsa ufiti. Sindikufuna kuyambitsa mkangano wakuti ufiti ulipo kapena kulibe, umenewo sutha. Ndikungonena kuti za ku Salem sizinandimvekere ngati za kutali.

Mu nthano yake ya Young Goodman Brown, ya mu 1835, mnyamata wongokwatira kumene akusiya mkazi wake n'kulowa m'nkhalango usiku. Kumeneko akupeza mayi amene anamuphunzitsa katekisimu, dikoni, m'busa, ndiponso mkazi wake yemwe, onse ali pa msonkhano wa Satana. Kutacha akudzipeza ali yekha. Analota kapena anaonadi? Hawthorne sayankha. Chimene amakuonetsa ndi moyo wa munthuyo kuchokera tsikulo: nyimbo za m'tchalitchi zinkamunyansa, mkazi wake ankamuyang'ana ndi diso lokayika, mpaka anakalamba n'kufa ali wowawidwa mtima. Mulibe mzukwa wovala nsalu yoyera m'nthanoyi, koma ndi imene inandisowetsa tulo. Ndikudziwa anthu angapo amene moyo wawo unatha chimodzimodzi, atangouzidwa kuti amene akukutsekerezani ndi m'bale wanu.

Edgar Allan Poe ndimudutsa mwachangu, poti aliyense amathamangira iyeyo, ndipo kwa ine nthawi zina amachulutsa mchere. Komabe munthu amene mayi ake anamwalira iye asanakwane zaka zitatu, mkazi wake n'kumwaliranso ndi chifuwa chachikulu mu 1847, sungamudabwe kuti akazi a m'nthano zake amakana kukhala m'manda. Yake imene ndimaivomereza ndi The Tell-Tale Heart ya mu 1843: munthu wapha nkhalamba, waibisa pansi pa matabwa a m'chipinda, apolisi akhala pomwepo akucheza osaganizira kanthu, koma iye akumva mtima wa malemuyo ukugunda mpaka akuulula yekha. Palibe wina anamva kugundako.

Amene ndikufuna mumusake ndi Charles Chesnutt, mlembi wachikuda amene ambiri samutchula. Buku lake la The Conjure Woman linatuluka mu 1899, ndipo muli nthano ya Po' Sandy. Wofotokoza ndi nkhalamba Julius, amene kale anali kapolo ku North Carolina, akuuza mzungu wochokera kumpoto ndi mkazi wake. Sandy anali kapolo wolimbikira ntchito moti mbuye wake ankamubwereketsa kwa ana ake ngati khasu, mwezi uno uku, wamawa uko. Ali ku ulendo wina wotere, mkazi wake woyamba anagulitsidwa. Mkazi wachiwiri, Tenie, ankadziwa mankhwala, ndiye Sandy atatopa anamupempha kuti amusandutse chinthu chosasuntha. Anamusandutsa mtengo wa paini, ndipo usiku ankamubweza kukhala munthu kuti acheze. Tsiku lina Tenie anatumizidwa kutali kukadwazika matenda. Pobwera anapeza mtengo uja wadulidwa, uli pa makina ocheka matabwa, ukubuula. Matabwawo anamangira khitchini imene akapolo ankakana kulowamo usiku chifukwa cha kulira kumene kunkamveka, mpaka anaiphwasula n'kumangira kasukulu. Tenie anazungulira mutu, n'kudzafera m'kasukulu komweko.

Apa ndiye mzukwa wasanduka ngongole ya dziko lonse. Chesnutt sakulalikira za kuipa kwa ukapolo. Akungokuuza kuti matabwa a nyumbayi ndi thupi la munthu, ndipo tsopano ukamva denga likulira usiku uganiza kawiri. Atsamunda ndi eni akapolo ankadziwa kulemba mbiri yawo m'mabuku. Akapolo anasunga yawo m'nthano ngati zimenezi.

Koma dzungu lilipo ngakhale pano. Mzungu uja ankafuna kuphwasula kasukuluko kuti matabwa ake amangire mkazi wake khitchini. Mayiyo atamva za Sandy anakanitsitsa, anati agule matabwa atsopano. Patangopita masiku, anauza mwamuna wake kuti mpingo wa a Julius wagawanika, ndipo gulu lawo lapempha kuti lizipempherera m'kasukulu kaja, iye wavomera kale. Bamboyo atafunsa za mzukwa wa Sandy, anamuyankha kuti a Julius anena kuti mizukwa sisokoneza mapemphero.