Kuphimba khoma si kukonza sitolo

Ndapsa mtima m'mawa uno ndipo mpaka pano sunazizire. Ndikudutsa pakati pa tauni ndapeza anyamata awiri ali pamakwerero, nyundo ndi tchizulo m'manja, akugumula zokongoletsa za pamwamba pa sitolo ina yakalekale. Pamwambapo panalembedwa chaka chimene inamangidwa, manambala ochita kutukuka pakhoma. Ndaima n'kuona nambala yomaliza ikugwa pansi, phwa! Ndafunsa, ati bwana akufuna khoma losalala, apake simenti, akhomepo malata onyezimira aja ndi chikwangwani chachikulu. Ati akukonza.

Kukonza kwake kuti? Kumeneko n'kuphimba basi.

Nyumba zambiri zakale zija anamangira laimu ndi mchenga, osati simenti. Laimu amalola khoma kupuma, chinyontho chikalowa chimatulukanso. Ukamata simenti pa njerwa zofewa zakale, madzi amatsekeredwa m'kati, njerwa n'kumafumbutuka mwakachetechete kuseri kwa pulasitala. Tsiku lina ukagogoda ndi chala umangomva phwophwo, ngati ng'oma yobooka. Ndiye malatawo akabwera pamwamba, ndani adzaone mng'alu? Palibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukuphimba, abale, simukukonza. Mwabisa matenda, mwavalika wodwala suti. Khomalo laima zaka zonsezi, mvula ndi dzuwa zalephera, lero ligwe chifukwa cha munthu wofuna sitolo yake ioneke ngati ya dzulo? Inde ndikudziwa, simenti sivuta kupeza ndipo amisiri odziwa laimu atsala ochepa. Nanga ndiye tiphwanye?

Taonani matauni amene anasunga nyumba zawo zakale: Stone Town ya ku Zanzibar inalowa m'ndandanda wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2000, Lamu ya ku Kenya mu 2001. Anthu amakwera ndege kukaona makoma akale ndi zitseko zosema. Sapita kukaona malata onyezimira, amenewo ali paliponse.

Ndipo poti ndayamba kale, nkhani ya makonde. Masitolo akale anali ndi khonde lalikulu kutsogolo, nsanamira zake ndondondo, munthu umayenda msewu wonse osanyowa, osapsa ndi dzuwa. Lero wina watsekera lake ndi njerwa kuti awonjezere malo a lendi, wina wagwetsa kuti aimikepo galimoto. Mvula ikayamba tonse timapanikizana pakakhomo kamodzi ngati nkhuku, mlonda n'kumatithamangitsa kuti tikutseka njira ya makasitomala.